Lipoti la Msonkhano wa ku Newstead, Nyumba Imene Chuma ndi Susi Anakafotokozerako Maliro

A Wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a m'bungwe lathu, ndakupatsani moni. Pa nkhumano yathu yapitayi munandituma kuti ndikakuimirireni ku msonkhano wa anthu osamala nyumba zakale za kumidzi ya kuno ku Mangalande. Ndinapita, ndipo ndabwerako bwino. Ndinalonjeza kuti ndilemba zonse kuti anzathu a shifiti ya usiku, amene Loweruka sadzatha kubwera, awerenge pa nthawi yawo. Lipotili latalika, koma ndikupemphani kuti mupirire mpaka mufike pa nkhani ya chaka cha 1874, chifukwa mtima wanga unatsalira pamenepo.

Potuma paja ena munafunsa kuti nyumba za mabwana achingerezi zikutikhudza bwanji ife. Funsolo ndinanyamuka nalo, ndipo linali loyenera.

Msonkhanowo unakonzedwa ndi kagulu ka anthu okonda mbiri ya m'dera lawo, ndipo unachitikira m'holo ya pamudzi wina pafupi ndi nyumba yakale ya Newstead. Munali aphunzitsi opuma ntchito, anthu ogwira ntchito mongodzipereka m'nyumba zakale zosiyanasiyana, abambo angapo amene anagwirapo m'migodi ya malasha, komanso amayi ndi abambo amene makolo awo anachokera ku Jamaica. Wochokera ku Africa kwathu kuja ndinali ndekha. M'mawa tinamvera mbiri, masana tinakayenda pamalopo, madzulo tinabwerera m'holo kukakambirana.

Nyumbayo ndi Newstead Abbey, m'boma la Nottinghamshire, makilomita pafupifupi 19 kumpoto kwa mzinda wa Nottingham, kufupi ndi mudzi wa Ravenshead, m'dera lomwe kale linali nkhalango ya Sherwood. Kuchoka pa geti la kumsewu waukulu kufika pakhomo pali kamtunda, choncho odzapita ndi agogo kapena ana aang'ono adziwiretu. Minda ya maluwa ndi nkhalango zake ndi maekala pafupifupi 300, ndipo kamtsinje ka Leen kanatsekedwa m'malo angapo n'kupanga maiwe akuluakulu. Pa kapinga pamayenda mbalame za pikoko zosaopa munthu.

Chinthu choyamba chimene maso amagwerapo ndi khoma lalitali la tchalitchi, la zaka zoposa 700, lili chiimire lokha. Zenera lake lalikulu lilibe galasi, ndipo ukayang'anamo umaona mitengo ndi mitambo, chifukwa kuseri kwake kulibe tchalitchi. Malowa anayamba cha m'ma 1170, pamene Mfumu Henry II inapereka dziko kwa ansembe otsata malamulo a Augustine Woyera. Anakhalapo zaka pafupifupi 370. Mu 1539 Mfumu Henry VIII, itakangana ndi Papa, inatseka nyumbayi monga inatsekera nyumba zina zonse za amonke, ndipo chaka chotsatira inaigulitsa kwa Sir John Byron pa mapaundi 810. Iyeyu anagwetsa tchalitchi, nasiya khoma la kumaso lokhalo, ndipo zipinda za ansembe anazisandutsa nyumba ya banja lake. N'chifukwa chake mpaka lero mkati mwa nyumbayo muli khonde la miyala lozungulira kabwalo, momwe ansembe ankayendamo popemphera. Anatiuzanso kuti chiwombankhanga cha mkuwa chomwe ansembewo ankaikapo Baibulo chinavuulidwa m'dziwe patapita zaka zambiri, ndipo pano chili m'tchalitchi chachikulu cha ku Southwell.

Banja la a Byron linakhalapo zaka 278. Za mibadwo yoyambirira sindichedwapo. Amene anawononga chuma anali Lord Byron wachisanu, William. Ameneyu anamanga timalinga ta masewera m'mbali mwa dziwe kuti antchito ake azimenyana nkhondo yongoyerekeza pa timaboti. Mu 1765 anapha mnansi wake William Chaworth pa ndewu ya malupanga m'nyumba yomwera mowa ku London. Ngongole zitamukwana anadula mitengo ya pa esiteti n'kugulitsa, nagulitsanso zithunzi ndi katundu wa m'nyumba. Pomwalira mu 1798 anasiya denga likudontha.

Wolowa m'malo anali mwana wa zaka 10, George Gordon Byron, amene anadzakhala mlakatuli wotchuka uja. Alendo ambiri amapita ku Newstead chifukwa cha iyeyu. Anakhalamo modukizadukiza kuyambira 1808 mpaka 1814, akukonza zipinda zochepa zokha poti ndalama analibe. Bedi lake lomwe anabwera nalo kuchokera ku Cambridge likadalipo. Abambo a m'migodi aja amamukonda pa chifukwa china: mu 1812 anaimirira m'nyumba ya malamulo ya House of Lords kutsutsa lamulo lofuna kunyonga amisiri oluka nsalu a ku Nottinghamshire amene ankaphwanya makina owalanda ntchito. Bambo wina wachikulire pofotokoza zimenezi mawu ake ankanjenjemera, ngati akunena za m'bale wake. Byron anamwalira ku Missolonghi m'dziko la Greece mu 1824, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha ku Hucknall, pafupi pomwepo.

Kuseri kwa khoma lija, pamalo pamene Byron ankakhulupirira kuti panali guwa la nsembe, pali chipilala chachikulu cha miyala chokhala ndi masitepe. Ndi manda a galu wake, Boatswain, amene anafa ndi chiwewe mu 1808, ndipo pamwalapo panalembedwa ndakatulo yonse yomutamanda. Ndinaimapo kanthawi. Sindinaipidwe nazo, munthuyo ankamukonda galu wake. Koma sungani chipilala chimenechi m'mutu, ndibwererapo.

Ngongole zinamugonjetsa Byron, ndipo mu 1818 nyumba inapita kwa mnzake wa kusukulu ya Harrow, msilikali wotchedwa Thomas Wildman, pa mapaundi 94,500. Kunena zoona, zambiri zomwe mlendo amasirira lero ndi ntchito ya Wildman. Iye ndiye anakonza madenga, nakongoletsa holo yaikulu ndi matabwa osema, namanganso nsanja yotchedwa Sussex Tower. Akuti pokonzapo pokha anawononga mapaundi pafupifupi 100,000. Ndalama zimenezo zinachokera ku esiteti ya nzimbe yotchedwa Quebec ku Jamaica, imene banja lake linali nayo, ndipo olima nzimbewo anali akapolo ochokera ku Africa ndi ana awo. Nyumba ya malamulo ya Britain itathetsa ukapolo ndi lamulo la 1833, boma linapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipepeso, osati kwa akapolo koma kwa eni akapolo, ndipo Wildman anali mmodzi mwa olandira. Maina a olandirawo anasonkhanitsidwa ndi akatswiri a ku University College London, aliyense angathe kuwaona pa intaneti.

Pamenepa ndi pomwe zokambirana za madzulo zinatenthera. Kuyambira 2020, pamene bungwe la National Trust, losamala nyumba ndi malo akale kuno, linatulutsa lipoti lotchula nyumba 93 mwa nyumba zake zomwe zili ndi chingwe cha ukapolo kapena utsamunda, nkhaniyi yakhala ikugawanitsa anthu kuno. M'holo muja mayi wina, amene wakhala akuonetsa alendo m'nyumba ina yakale kwa zaka zambiri, anati anthu amabwera kudzapumitsa mtima ndi kuona maluwa, si bwino kuwatumiza kwawo ali ndi chisoni. Ananena mwaulemu, ndipo ndinaona kuti malo amene amatumikirawo amawakondadi. Bambo wina wa ku Jamaica anamuyankha mosakweza mawu. Anati iye sakupempha kuti wina agwetse khoma kapena achite manyazi, akungopempha kuti potchula amene analipira denga atchulenso amene anadula nzimbe. Ine ndinali mbali yake, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso mukanatero. Kwathu mwana akafunsa kuti njerwa za nyumba ino anaumba ndani, sitimuuza dzina la mwini nyumba lokha.

Wildman anamwalira mu 1859, ndipo posakhalitsa nyumba inagulidwa ndi William Frederick Webb. Tsopano nkhani ikuyandikira kwathu. Webb ali mnyamata anapita kukasaka nyama kummwera kwa Africa, ndipo kumeneko anadziwana ndi David Livingstone. Mu 1864 Livingstone anabwerera ku Britain ali wosweka mtima. Ulendo wake wa ku Zambezi, womwe unayamba mu 1858, boma linali litauthetsa. Mkazi wake Mary anali atamwalira ku Shupanga pa 27 Epulo 1862. Bishopu Charles Mackenzie, amene anakakhazikitsa mishoni ku Magomero potsata uphungu wake, anali atamwalira mu Januwale chaka chomwecho, mishoniyo n'kubalalika. Manyuzipepala omwe kale ankamutamanda anali atamutembenukira. A Webb ndi akazi awo a Emilia anamuitana kuti adzakhale kwawo pamodzi ndi mwana wake Agnes, ndipo anakhala kuyambira Sepitembala 1864 mpaka Epulo 1865. Ali komweko, mwana wake woyamba Robert anamwalira m'ndende ya asilikali ogwidwa pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America.

Chipinda chake chinali mu Sussex Tower muja, ndipo m'menemo ndi momwe analembera buku lotchedwa Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, lomwe linatuluka mu 1865 m'dzina lake ndi la mng'ono wake Charles. Abale anga, buku limenelo likunena za ife. Muli mtsinje wa Shire ndi mathithi ake. Muli Mfumu Chibisa. Muli nyanja ya Chilwa, yomwe anaiona mu Epulo 1859, ndi nyanja yathu yaikulu, yomwe anafikako mu Sepitembala chaka chomwecho. Muli Amang'anja akulima thonje, akuomba nsalu, akusungunula chitsulo m'ng'anjo zawo, mzungu asanawaphunzitse kanthu. Muli chiwerengero chomwe anachimva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, choti akapolo 19,000 ochokera dera la kunyanja ankadutsa pa kasitomu ya pachilumbacho chaka chilichonse. Mulinso chithunzi chija chomwe ambiri tinachiona m'mabuku a sukulu, cha amuna ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe. Mawu a pansi pake amati anthuwo anakumana nawo kwa Mbame akupita nawo ku Tete. Mbame yomwe ija ya pamsewu wa Blantyre kupita ku Chikwawa. Ine ndadutsapo pa minibasi kosawerengeka.

Ndinaima pansi pa nsanjayo ndikuyang'ana mazenera ake. Ndalama za thukuta la akapolo a ku Jamaica zinamanga chipinda, ndipo m'chipinda chomwecho munthu anakhala miyezi isanu ndi iwiri akulemba za magoli a kwa Mbame kuti dziko lake limve. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo ndikufuna ana athu adziwe zonse ziwiri. Sindikunena kuti bukulo ndi loyera mbali zonse. Muli malo amene amatiweruza molakwa, ndipo kulira kwake koti Angerezi abwere kudzathetsa ukapolo ndi komwe kunatsegula njira ya mamishoni, ya kampani ya African Lakes mu 1878, kenako ya boma la atsamunda mu 1891. Koma munthu wofuna kudziwa momwe chigwa cha Shire chinkaonekera agogo a agogo athu ali moyo sangalilambalale.

Tsopano 1874.

Pa 16 Julaye 1861 kwa Mbame kuja Livingstone ndi anzake anamasula anthu 84, ndipo masiku otsatira anamasulanso ena m'mapiri omwewo. Mwa omasulidwa masiku amenewo munali mnyamata wachiyao wa zaka pafupifupi 11, dzina lake Chuma. Anakulira pa mishoni ya Magomero m'manja mwa mzungu wina wachinyamata, Horace Waller. Mu 1864 Livingstone anamutenga pa sitima yaing'ono ya Lady Nyassa kuwoloka nyanja yamchere mpaka ku Bombay, namusiya pa sukulu. Pa sitima yomweyo panali Abdullah Susi wa ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi. Awiriwa ananyamuka ndi Livingstone pa ulendo wake womaliza mu 1866, ndipo pamene ambiri ankathawa kapena kubwerera, iwo anakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka anamwalira m'mudzi wa Mfumu Chitambo ku Ilala, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, pa 1 Meyi 1873.

Zimene anachita pambuyo pake tinaziphunzira kusukulu m'mizere iwiri, koma taganizani bwino. Panalibe wowalamula. Bwana wamwalira, malipiro sakudziwika, ali pakati pa dziko la eni. Akanatha kuika maliro pomwepo, kugawana nsalu ndi mikanda, aliyense n'kulowera kwawo, ndipo palibe akanawadzudzula. Iwo anakhala pansi n'kugwirizana kuti munthuyu apite kwa abale ake. Mtima ndi zam'kati anazikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo Jacob Wainwright, mnyamata wodziwa kulemba, anawerenga mapemphero a maliro nasema dzina pamtengopo. Thupi analithira mchere, naliyanika padzuwa milungu iwiri, nalikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo. Analemba mndandanda wa katundu yense, mabuku, mapu ndi zipangizo zoyezera, kuti pasasowe kanthu. Kenako anayenda makilomita oposa 1,500, miyezi isanu ndi inayi, amuna ndi akazi omwe, pakati pawo mayi Halima amene ankamuphikira. Ena anamwalira panjira. Ku Unyanyembe anakumana ndi msilikali wachingerezi, Verney Lovett Cameron, amene anawalangiza kuti angoika maliro pomwepo, iwo anakana. Pena anachita kumanga mtembo ngati mtolo wa nsalu kuti adutse m'midzi yomwe sikanalola maliro a mlendo. Anafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874.

Pa 18 Epulo 1874 maliro anaikidwa mu Westminster Abbey ku London. Webb ndi Waller anali mwa onyamula bokosi, pamodzi ndi Wainwright, munthu wakuda yekhayo. Susi ndi Chuma kunalibe. Anawalipira ku Zanzibar n'kuwasiya komweko. Anadzafika mochedwa, maliro ataikidwa kale, ndipo amene anawalipirira sitima anali James Young, mnzake wa Livingstone wa ku Scotland amene analemera ndi mafuta a palafini.

Mu Juni 1874 anafika ku Newstead. Pali chithunzi chomwe chinajambulidwa panja pa nyumbayo, ndipo wophunzitsa wa m'mawa uja anachionetsa pakhoma. Muli Agnes ndi Tom, ana a malemu. Muli Waller. Muli Susi ndi Chuma. Patsogolo pawo pali mabuku ndi mapu a malemu. Wophunzitsayo anafotokoza kuti Waller ankakonza mabuku a tsiku ndi tsiku a Livingstone kuti asindikizidwe, koma masamba omaliza anali ndi mawu ochepa chabe poti wolembayo anali atafooka, choncho nkhani yonse ya masiku omaliza ndi ya ulendo wa mtembo inachokera pakamwa pa awiriwa. Buku la Last Journals linatuluka chaka chomwecho. Wophunzitsayo anawatcha othandiza mkonzi, napita pa chithunzi china.

Ine ndinaona chinthu china, ndipo madzulo nditapatsidwa mpata ndinaimirira n'kuchinena. Ndinawauza kuti kwathu munthu akamwalira kutali, amene anamudwazika ndi amene anyamula mtembo sangofika n'kutula bokosi pakhomo. Amakhala pansi pamaso pa eni mbumba n'kufotokoza: anayamba kudwala tsiku lakuti, anadandaula pakuti, tinayesa chakuti, mawu ake omaliza anali akuti, katundu wake ndi uyu, werengani. Mpaka zimenezo zitanenedwa, operekeza maliro sanamalize ntchito yawo, ndipo ana amasiye mitima yawo siikhala pansi. Ndinati chithunzi chimene mwationetsachi ndi chimenecho. Anyamata awiriwa anawoloka nyanja kudzamaliza mwambo. Agnes ndi Tom akumva momwe bambo awo anatsirizikira, kuchokera kwa anthu amene analipo. Ndinawauzanso za adzukulu, kuti kwathu amene agwira mtembo ndi kukumba manda amapatsidwa ulemu wapadera, nsima yawo imayamba kuperekedwa, ndipo palibe angaike maliro adzukulu atawasiya kunja kwa mpanda.

M'holo munakhala chete. Kenako mayi uja tinasiyana naye maganizo pa za nzimbe ndi amene anayamba kulankhula. Anati chithunzicho wachiona kambirimbiri koma sanaganizepo kuti awiriwo anali ndi chifukwa chawochawo chobwerera, ndipo anapempha kuti ndimulembere mawu akuti adzukulu papepala. Ndinamulembera.

Inu a m'bungwe lino simufunika kukufotokozerani zambiri. Ndi kangati tasonkherana usiku kuti m'bale wathu akwere ndege apite akagone kwawo? Ndi kangati mmodzi wa ife watenga tchuthi chosalipidwa kuperekeza bokosi mpaka ku Chileka kapena ku Lumbadzi, n'kukakhala pamphasa kufotokozera anthu akulira momwe zinayendera kuchipatala? Bungwe lathu lino linayamba ndi maliro. Ntchito imene timaigwira kuchoka kuno kupita kwathu, Chuma ndi Susi anaigwira kuchoka kwathu kubwera kuno, wapansi mpaka kugombe la nyanja, zaka zoposa 150 zapitazo. Ndi akuluakulu athu pa ntchitoyi.

Atachoka kuno anabwerera kukagwira ntchito. Chuma anatumikira mishoni ya UMCA, yomwe ija inali ku Magomero, kenako anatsogolera amtengatenga pa ulendo wa Joseph Thomson wa mu 1879, ndipo anamwalira ku Zanzibar mu 1882 ali ndi zaka zongopitirira 30. Susi anabatizidwa mu 1886 natenga dzina lakuti David, namwalira mu 1891. Ndibwerere ku chipilala cha galu chija. Tsiku lomwe Boatswain anafa likudziwika, malo omwe anabadwira akudziwika, chifukwa mwini wake anazilemba pamwala. Tsiku lomwe Chuma anabadwa, nyimbo yomwe amayi ake ankamuimbira ali khanda, palibe anazilemba. Ichi ndi chomwe chinandipweteka pobwerera m'basi, ndipo sindikuloza chala munthu wa kuno. Ife eni ake tili ndi misewu ndi masukulu a maina ambirimbiri, koma ndi angati mwa ana athu, obadwira kuno kapena kwathu, angatchule dzina la Chuma?

Gawo lomaliza la msonkhano linali la ndalama, ndipo ndidutsapo mwachangu. Nyumba zoterezi zimadya chuma. Msonkho wa chuma cha masiye utakwera, ndipo nkhondo ziwiri zikuluzikulu zitachotsa antchito m'maesiteti, mabanja ambiri analephera kuzisamala, ndipo mazanamazana zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1900. Newstead inapulumuka chifukwa mu 1931 Sir Julien Cahn, wamalonda wolemera wa ku Nottingham, anaigula n'kuipereka kwa mzinda, ndipo mpaka lero mwini wake ndi khonsolo ya mzindawo. Ili pa mndandanda wa boma wa nyumba zotetezedwa kwambiri, kutanthauza kuti ngakhale mwini wake sangasinthe zenera popanda chilolezo. Olankhula onse, aliyense za nyumba ya kwawo, anabwereza mdani mmodzi: madzi. Ngalande ya padenga ikatsekeka ndi masamba, chinyontho chimalowa m'khoma, matabwa n'kuyamba kuola mkati anthu osaona. Mmisiri wina anati ntchito yaikulu yosamala nyumba yakale ndi ya makwerero ndi tsache mvula isanayambe. Ndinaganiza za Mandala ku Blantyre, ya mu 1882, ndi Stone House ku Livingstonia, komanso nyumba zakale za boma ku Zomba. Kwathu tikuwonjezerapo chiswe. Zambiri zomwe zimapulumutsa nyumba zotere sizifuna mamiliyoni, zimafuna munthu woyang'ana denga chaka ndi chaka.

Zimene ndinavomera m'dzina lanu ndi chimodzi chokha, ndipo ndinanenetsa kuti chiyembekezera chilolezo cha komiti. Okonza msonkhano apempha kuti pa nkhumano yawo ina tidzatumize anthu awiri kapena atatu kukafotokoza za mwambo wa maliro kwathu ndi za malo otchulidwa m'buku lija. Iwo maina ngati Chibisa, Magomero ndi Mbame amangowawerenga papepala, sadziwa katchulidwe kake, sadziwanso kuti kumeneko kuli anthu lero amene akulima ndi kupita kutchalitchi. Tili nawo pakati pathu a ku Chiradzulu, a ku Chikwawa ndi a ku Mangochi. Zingakhale bwino mmodzi mwa opitawo akhale Myao, chifukwa Chuma ndi wawo, ndipo nkhani ya Ayao m'mabuku a azungu a nthawi imeneyo imangonenedwa mbali imodzi, ya ogulitsa anthu, kuiwala kuti mwana amene anali m'chingwe uja analinso Myao.

Pempho langa ine ndi lakuti ulendo wa ana wa chilimwe chikubwerachi upite ku Newstead. Malo osewerera ndi odyera kamba wathu alipo okwanira. Koma tisanapite, makolo tikhale pansi madzulo amodzi tiphunzire nkhaniyi, kuti pofika pansi pa nsanja paja wofotokozera ana akhale mmodzi wa ife, m'Chichewa, chithunzi cha 1874 chili m'manja. Ndasindikiza makope angapo a chithunzicho ndipo ndibwera nawo Loweruka. Ndikupemphanso a komiti aganizire zogula buku la Zambezi lija ndi la Last Journals kuti akhale a bungwe, tizibwerekana. Chingerezi chake n'chakale ndipo pena n'cholemetsa, koma aphunzitsi tili nawo, angathe kutisankhira masamba onena za Shire.

Masiku ndi maola otsegulira nyumbayo amasiyana ndi a minda, ndipo amasintha ndi nyengo, choncho amene adzasankhidwe kukonza ulendo adzafunse kaye asanalipire basi. Malisiti a thiransipoti ndi chakudya ndapereka kwa a Msungichuma pamodzi ndi chenji chomwe chinatsala. A Mlembi, chonde ikani nkhani ziwirizi, ya otumidwa ndi ya ulendo wa ana, pa ndondomeko ya Loweruka, zisanafike zokambirana za thumba la maliro.

Zikomo kwambiri pondituma.